Kachizindikiro kamodzi komwe kanatiyambanitsa kuofesi

Kwa masabata atatu, anzanga awiri a kuntchito sanadyere limodzi nkhomaliro. Kale ankatsetsereka onse kupita pa chiwaya cha kuseri kwa ofesi, uyu kulipira lero, uyo mawa. Kenako zinangosintha. Mmodzi anayamba kubwera ndi chakudya chake m'kontena, winayo n'kumatuluka yekha 12 koloko isanakwane. Ofesi yathu ndi yaing'ono, tonse timakwana m'chipinda chimodzi, choncho palibe amene sanaone. Ine ndiye ndinaona kwambiri, pakuti ntchito yanga ndi yokhala pakati pawo. Ndimatenga zofuna za kasitomala n'kupita nazo kwa ojambula, amene kuofesi timangowatcha a design, kenako kwa mainjiniya amene amalemba pulogalamu kuti chinthucho chigwire ntchito. Zikasokonekera, foni yomwe imalira ndi yanga.

Tinkakonza njira yoti mamembala a banki m'khonde azilandira mauthenga pa foni, owakumbutsa tsiku la msonkhano, owauza masheya omwe aponya ndi ngongole yomwe yatsala. Ambiri mwa iwo ndi amayi a m'midzi ya ku Dedza ndi ku Mchinji, ndipo foni zawo ndi za mabatani zija. Kumeneko kulibe za app, kulibe zithunzi, kulibe mitundu. Zonse zinkayenera kudutsa pa SMS ndi pa USSD, njira ija mumadina nyenyezi, manambala, kenako hashi, monga mumachitira potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Wina angafunse kuti pamenepo wojambula ajambulapo chiyani. Amajambula mawu. Amasankha kuti choyamba kuoneka chikhale chiti, munthu akasochera abwerere bwanji, ndiponso kuti foniyo ikamalankhula ndi gogo wa zaka 60 izilankhula ngati ndani.

Achemwali athu a design anakhala masiku angapo m'midzimo. Ankakhala pa mphasa pamodzi ndi amayi, kumvetsera mmene wapampando amatsegulira msonkhano, ndi mmene msungichuma amakumbutsira munthu za ngongole osamuchititsa manyazi pagulu. Atabwerako analemba mauthenga awo mosamala. Umodzi unali wotere: "Moni mayi. Tikukukumbutsani kuti msonkhano wa gulu lanu uliko Lachinayi m'mawa. Chonde bwerani ndi buku lanu. Zikomo." Koma umene unafika m'mafoni a anthu patapita mwezi unali wakuti: "Msonkhano Lachinayi. Bwera ndi buku."

Achemwaliwo sanadziwe kuti mawu awo asinthidwa mpaka pamene mayi wina wapampando wa gulu anawaimbira. Ndinali pafupi, ndipo mawu ankamveka kutuluka m'foni. "Kodi mwana amene akutilembera mauthengayu analeredwa ndi ndani? Ine ndili ndi zidzukulu, wina azindiuza kuti bwera?" Achemwali anapepesa mpaka thukuta. Atadula foni anaimirira n'kulunjika pa desiki ya mkulu wa mainjiniya.

"Achimwene, mawu anga munawasinthiranji osandiuza?"

"Achemwali, zomwe munalembazo sizingatheke."

"Sizingatheke bwanji?"

"Ndi nkhani ya system. N'zovuta kufotokoza."

Amene sanagwirepo ntchito m'ofesi yotere sangamve kulemera kwa yankho lomalizalo. Kwa munthu wa design limamveka ngati akuuzidwa kuti mutu wake sungakwanitse, apite akasewere ndi mitundu. Nawonso achemwali sanachedwe kubweza. Anati mainjiniya amalemba zinthu ngati akulembera makina anzawo, ndipo sanaonepo mudzi kupatula pa zenera la basi. Bwana atamva phokoso anatuluka, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Ndinu akuluakulu nonse, mukambirane." Anabwerera mu ofesi yawo n'kutseka chitseko. Kukambirana kwake ndi kuja kwa masabata atatu opanda chiwaya.

Ndivomere kulakwa kwanga. Ndinadzisandutsa mthenga. M'mawa ndinkapita kwa achemwali kukamva dandaulo, masana n'kukalipereka kwa achimwene nditalithira shuga, madzulo n'kubweza yankho nditalichotsa minga. Ndinkaganiza kuti ndikuzimitsa moto. Koma aliyense ankamva kuchokera kwa ine kuti mnzake watsala pang'ono kugonja, choncho aliyense ankalimbikira kudikira. Azakhali anga, amene akhala nkhoswe ya maukwati ambiri kwathu, ataimva nkhaniyi anaseka kwambiri. Anati nkhoswe yomwe imamvera mwamuna payekha, mkazi payekha, n'kumayenda ndi mawu pakati pawo, imathetsa banja ndi miyendo yake. Umawakhazika onse pa mphasa imodzi, aliyense anene mnzake akumva.

Mumtima ndinali mbali ya achemwali, ndipo chifukwa chake sichinali ulemu wa m'mauthenga okha. Chomwe chinkandiopsa n'chakuti chinthu chinasinthidwa mwakachetechete, mwini wake osadziwa. Pali nkhani ina yomwe ophunzira uinjiniya m'mayiko ambiri amaphunzitsidwa, ndipo chiiwerengereni sinandichoke m'mutu.

Pa 17 July 1981, mumzinda wa Kansas City ku America, anthu anadzaza m'holo yolandirira alendo ya hotela ya Hyatt Regency kudzavina. Pamwamba pawo panali milatho yoyendapo anthu, yolenjekeka ku denga ndi ndodo zachitsulo. Iwiri inali pamzere umodzi, wina pa nsanjika yachinayi, wina pansi pake pa nsanjika yachiwiri. Madzulo amenewo yonse iwiri inagwera anthu. Anafa ndi anthu 114, ndipo oposa 200 anavulala. Hotelayo inali itangotha chaka chimodzi chitsegulireni.

Pa pulani yoyamba, ndodo iliyonse inali imodzi yaitali, yochoka ku denga, kuboola mlatho wa pamwamba, mpaka kukagwira wa pansi. Kampani yokonza zitsulo inaona kuti zimenezi n'zovuta. Kuti nati ikafike pogwira mlatho wa pamwamba, panafunika kusema mizere yoyendamo natiyo pa mbali yaitali kwambiri ya ndodo, ndipo mizere yotere imaonongeka msanga pokweza katundu. Dandaulo lawo linali lomveka ndithu. Anasintha kuti pakhale ndodo ziwiri zazifupi, ina yochoka ku denga kudzagwira mlatho wa pamwamba, ina yochoka pa mlatho wa pamwambawo kukagwira wa pansi. Mapepala anapita kwa mainjiniya eni pulani, anadindidwa, ntchito inapitirira. Palibe anakhala pansi kuwerengetsanso kulemera kwake.

Taganizirani anyamata awiri akulendewera pa chingwe chimodzi mumtengo wa mango, aliyense atagwira chingwe ndi manja ake. Tsopano wa pansiyo asiye chingwe, agwire miyendo ya mnzake. Nthambi ikusenza katundu yemwe uja, koma manja a mnyamata wa pamwamba akusenza anthu awiri. N'zimene zinachitikira malo omwe nati inagwira mlatho wa pa nsanjika yachinayi. Ofufuza anapeza kuti ngakhale pulani yoyambayo inali yoperewera pa malamulo a zomangamanga a mzindawo, koma kusinthako kunawirikiza katundu kawiri pamalo ofooka kale. Mainjiniya amene anavomereza analandidwa ziphaso zawo. Chomwe chimandizizira nkhongono pa nkhaniyi n'chakuti panalibe mkangano. Wojambula pulani ndi wopanga zitsulo sanatukwanane, sanasiye kudyera limodzi. Mbali iliyonse inkayesa kuti inayo yawerengetsa.

Inde, SMS siigwera munthu pamutu. Musandiseke, ndikudziwa. Koma khalidwe lake ndi lomwelo, ndipo tsiku lina uthenga wosinthidwa mwakachetechete udzakhala wonena kuchuluka kwa ngongole ya munthu, osati tsiku la msonkhano.

Zinthu zinayamba kumasuka tsiku lina madzulo magetsi atazima. Tinatsala awiri, ine ndi achimwene aja, tikudikira kuti mlonda alize jenereta. Mumdima munthu amalankhula momasuka. Ndinawafunsa kuti, "Achimwene, tili awiri pano. Mukati sizingatheke, chikukanika n'chiyani kwenikweni?" Anakhala chete pang'ono, kenako anatsegula laputopu n'kundionetsa bilu ya mwezi woyamba yochokera ku kampani yomwe imatitumizira mauthenga. Inali yoposa kawiri ndalama zomwe tinakonza. Uthenga umodzi unkawerengedwa ngati awiri, ena ngati atatu. A zachuma anali atawaitana kale n'kuwakalipira ngati mwana, kuwafunsa kuti system yawo ikudya ndalama bwanji. Iwo atayang'ana m'kaundula anaona kuti mauthenga afupiafupi okha ndi omwe ankawerengedwa kamodzi. Anatenga mpeni n'kudula onse. Anachita usiku, ali okha, ali ndi mantha ndi ntchito yawo, ndipo kunena zoona za "bwera" ndi "bwerani" sanaziganizire n'komwe. Ankangowerenga zilembo.

Ndinawafunsa chifukwa chomwe sananenere zimenezi pa tsiku la phokoso lija. Anati, "Ndikanati chiyani pamaso pa anthu? Kuti sindikudziwa chifukwa chake bilu yakwera?" Apa ndi pomwe ndinamvetsa. Mawu aja akuti sizingatheke anali chishango. Kumbuyo kwake kunali munthu amene sankafuna kuti ofesi yonse idziwe kuti pali chinthu cha m'dera lake chomwe sanachimvetse.

M'mawa mwake ndinachita zomwe azakhali ananena. Ndinawakhazika onse awiri pa tebulo limodzi, pakati pawo n'kuikapo kaundula wa mauthenga uja atasindikizidwa pa pepala, ndi kafoni ka mabatani komwe ndinabwereka kwa mlonda. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tisakambe za amene analakwa kufikira titadziwa chifukwa chomwe bilu inakwerera. Mphindi zoyamba zinali zowawa. Aliyense ankalankhula ndi ine, osati ndi mnzake. Kenako achemwali, amene mauthengawo ankawadziwa pamtima chifukwa anawalemba okha, analoza mzere wina n'kunena kuti, "Nanga uwu bwanji? Ndi wautali kuposa wa msonkhano uja, koma wawerengedwa kamodzi." Achimwene anaweramira pa pepala. Anapeza wina wotero, kenako wina. Mauthenga onse aatali omwe anawerengedwa kamodzi anali ndi chinthu chimodzi chofanana. Munalibe nkhodolero, kachizindikiro kam'mwamba kaja timalemba m'mawu monga m'mawa, m'mudzi ndi ng'ombe.

Ndinaona nkhope ya achimwene ikusintha, ngati munthu amene wakumbukira pomwe anasiya makiyi. Nkhani yake ili motere. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma pokhapokha zilembo zonse zili m'gulu lomwe makina a mafoni anapatsidwa kuyambira kale. Mukalowetsamo chilembo chimodzi chokha cha kunja kwa gululo, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena komwe chilembo chilichonse chimadya malo ambiri, ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga ukapitirira malire umaduka m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimalipiridwa pachokha. M'kalembedwe koyamba chigawo chimanyamula zilembo 153, m'kachiwiri 67 zokha. Nkhodolero yowongoka, yongoima ngati kamtengo, ili m'gulu lovomerezeka lija. Koma mapulogalamu olembera monga Microsoft Word amaisintha okha kukhala yopindika, yokongola ngati ya m'mabuku, ndipo yopindikayo mulibe m'gululo. Achemwali analembera mauthenga awo mu Word, achimwene anangokopera. Uthenga wa msonkhano uja uli ndi zilembo 117, kuwerengera ndi mipata yomwe. Ukanakwana bwinobwino mu SMS imodzi, malo n'kutsalako. Mawu amodzi okha akuti m'mawa ndi amene anausandutsa awiri.

Chingerezi chimatha kuyenda ziganizo zingapo osakumana ndi nkhodolero. Chichewa sichipita patali. Ndipo amene amakonda kulemba dzina la dziko lathu ndi ŵ wa kachipewa adziwe kuti nayenso amagwetsera uthenga m'dzenje lomwelo. Kukonza kwake kunatenga mphindi zosakwana 20, kamzere kamodzi mu pulogalamu kowongola nkhodolero zonse uthenga usanatuluke. Masabata atatu a chidani, mayi wapampando wokwiya, bilu yowirikiza, zonsezo chifukwa cha kanthu kochepa kuposa nyerere. Ndipo palibe mmodzi wa iwo akanakapeza yekha. Achimwene ankadziwa za 160 ndi 70 koma sankawerenga mauthengawo ngati mawu. Achemwali ankawadziwa mawuwo mpaka mpumiro uliwonse koma bilu anali asanaionepo.

Ndikanakonda kunena kuti zinathera pompo, koma ayi. Patangotha masiku ochepa tinafika pa menyu ya USSD, ndipo achimwene ananenanso mawu omwe aja. Achemwali, amene tsopano anali ataphunzira kuti sizingatheke nthawi zina amatanthauza kuti sindinafufuze, anakana kukhulupirira. Koma ulendo uno khoma linali lenileni. Tsamba limodzi la USSD silinyamula zilembo zoposa 182, ndipo palibe kamzere ka pulogalamu komwe kangakulitse malire amenewo. Menyu ya achemwali inali ndi moni pamwamba ndi zosankha zisanu ndi chimodzi, chilichonse chiganizo chathunthu. Pa kafoni ka mlonda inkadukira pa nambala 4. Kugawa m'masamba ambiri nakonso kuli ndi vuto lake, pakuti USSD siidikira munthu. Ukachedwa kuyankha imadula, uyambirenso, ndipo gogo amene akuwerenga pang'onopang'ono ndi amene amadulidwa kawirikawiri.

Apa ndipatuke pang'ono, ndikambe za nyumba ina ya ku Australia, chifukwa ndi imene ndinawafotokozera achemwali tsiku lomwe ankafuna kutaya ntchitoyo.

Mu January 1957, katswiri wojambula nyumba wa ku Denmark, Jørn Utzon, ali ndi zaka 38, anapambana mpikisano womwe munalowa mapulani 233 a nyumba ya zoimbaimba ya Sydney Opera House. Zojambula zake zinali zokopa maso, madenga ooneka ngati matanga a ngalawa atakhuta mphepo. Koma madengawo anali ongojambulidwa ndi dzanja, opanda masamu oti munthu n'kumangira. Ntchito yopeza njira yowaimikira inapatsidwa kwa Ove Arup ndi kampani yake ya mainjiniya ya ku London. Andale nawo sanadikire. Boma la chigawo cha New South Wales, motsogozedwa ndi Joseph Cahill, linafuna kuti ntchito iyambe msanga anthu asanasinthe maganizo, ndipo maziko anayamba mu March 1959 pulani ya denga isanathe. Pambuyo pake mizati ina inapezeka kuti singasenze dengalo, inagumulidwa n'kumangidwanso. Aliyense amene anauzidwapo kuti yambani kaye, zina tiziona m'tsogolo, akudziwa kukoma kwake.

Anthu akamakamba nkhaniyi amathamangira ku mapeto ake omvetsa chisoni. Ine zimene zimandigwira mtima ndi zaka zinayi zoyambazo. Mainjiniya a Arup sanamuuze Utzon kuti sizingatheke n'kubwerera kwawo, ndiponso sanamusinthire dengalo usiku iye ali mtulo. Anayesa naye maonekedwe oposa 10, akumawerengetsa ndi makompyuta a nthawiyo, pomwe kugwiritsa ntchito kompyuta pa zomangamanga kunali kwachilendo. Vuto lalikulu linali losavuta kulimva kwa aliyense amene anaumbapo njerwa. Ngati chigawo chilichonse cha denga chapindika mwa mtundu wakewake, ndiye kuti chilichonse chikufuna chikombole chakechake, ndipo mtengo wake palibe angaukwanitse. Mu 1961 anapeza yankho. Madenga onse, aakulu ndi aang'ono, adulidwe kuchokera pa mpira umodzi wongoganizira, wa mamita pafupifupi 75 kuchoka pakati kufika kunja, monga mmene mungadulire zigawo zosiyana kukula pa khungu la lalanje limodzi. Popeza kupindika kwake kunali kofanana paliponse, zikombole zochepa zinatha kuumba zigawo za konkire zoposa 2,000. Mpaka lero olemba mbiri amatsutsana kuti anayamba kuganiza za mpirawo ndani, Utzon kapena mainjiniya. Kwa ine kutsutsanako kukusonyeza mmene anthuwa anagwirira ntchito moyandikana, moti ganizo linabadwa osadziwika mwini wake.

Nyumba yomwe mumaiona pa zithunzi, yomwe UNESCO inaiika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2007, si imene Utzon anajambula mu 1957. Madenga ake oyamba anali ogona, ofwamphuka. Omwe anamangidwa ndi oimirira, osongoka, ndipo anatuluka choncho chifukwa cha chikombole. Utzon sanaone ngati wagonja. Anaikonda njira ya mpirayo ndipo ankainyadira.

Achemwali anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye mukufanizira menyu ya banki m'khonde ndi Sydney?" Tinaseka, koma anatenga pepala. Anapempha achimwene kuti awapangire kachida kowerengera zilembo pomwe akulemba, ndipo anakapanga tsiku lomwelo. Atayamba kulemba nambala ikuoneka pambali, anapeza zinthu zomwe sakanazipeza akanapatsidwa malo opanda malire. Moni anauchotsa pa menyu n'kuusiya mu SMS, pozindikira kuti munthu amene waimba yekha nambala safuna kulonjeredwa, akufuna aone ndalama zake. Zosankha zisanu ndi chimodzi zinatsika kufika pa zinayi, chifukwa ziwiri zinali zinthu zomwe msungichuma yekha amafuna, choncho anazipatsa nambala yakeyake. "Onani ndalama zomwe mwasunga mpaka lero" inasanduka "Masheya anga", mawu omwe amayiwo amanena okha pa mphasa. Koma pa "ni" wa ulemu sanasunthe. Anati zilembo ziwiri zimenezo azilipira ndi china chilichonse. Achimwene sanatsutse, mwina pokumbukira mayi wapampando uja.

Mapeto a nkhani ya Sydney nawo ali ndi malo ake pano. Mu 1965 boma linasintha, ndipo nduna yatsopano yoona za ntchito za boma, Davis Hughes, inayamba kufinya Utzon pa ndalama ndi kumuchedwetsera malipiro. Nthawi yomweyo ubale wake ndi mainjiniya a Arup unali utazilala, makamaka pa nkhani ya siling'i ya mapulayiwudi yomwe ankafuna kuika m'kati, imene mainjiniya ankaikayikira. Mu February 1966 Utzon anatula pansi ntchito, anachoka ku Australia, ndipo sanabwererenso kukaiona nyumbayo mpaka anamwalira mu 2008. M'kati anamaliza ndi ena, motsogozedwa ndi Peter Hall. Inatsegulidwa ndi Mfumukazi Elizabeth II pa 20 October 1973, itadya madola a ku Australia 102 miliyoni pomwe poyamba ankati idya 7 miliyoni. Anthu omwe anagonjetsa limodzi denga lomwe linkaoneka losamangika analephera kuima limodzi pamene mwini chikwama anayamba kufinya.

Kwathunso mwini chikwama analipo, ndipo pa mkangano wonse uja sanatchulidwe. A zachuma ndi amene anaitana injiniya payekha n'kumuopseza, osaitana wojambula. Bwana ndi amene analonjeza kasitomala tsiku lomaliza asanafunse aliyense wa awiriwa. Ndaona kawirikawiri kuti a design ndi mainjiniya akamakokana, chingwe chomwe akukokacho anawaponyera ndi munthu wachitatu amene wakhala mu ofesi yotseka. Ndinapita kwa bwana n'kuwauza mwaulemu kuti mawu aja akuti mukambirane sanali chigamulo. Pali zinthu zomwe awiriwa angathe kuthetsa okha akaona nambala imodzi. Koma funso lakuti tilipire SMS ziwiri kuti uthenga wa ngongole ufotokoze bwino, kapena tisunge ndalama, si la wojambula ndipo si la injiniya. Ndi la mwini ndalama, ndipo alinene poyera, dzina lake likhalepo. Bwana sanasangalale nane tsiku limenelo. Koma anagamula kuti mauthenga a ngongole okha aziloledwa kufika zigawo ziwiri, ndipo analemba pa imelo kuti aliyense aone.

Tinasinthanso zina zing'onozing'ono. Palibe liwu lomwe limasinthidwa mu system achemwali asanalione, ndipo palibe uthenga womwe achemwali amapereka usanadutse pa kachida kowerengera ndi pa foni ya mabatani, yomwe tsopano tinagula yathu n'kumubwezera mlonda yake. Munthu akati sizingatheke, timamufunsa kuti akutanthauza khoma, ndalama, kapena nthawi, ndipo yankho lakuti sindinadziwebe, ndipatseni mpaka mawa, timalilandira popanda kuseka. Kuti lamulo lomalizali likhazikike panatenga miyezi, chifukwa amuna ambiri a ntchito imeneyi kunena kuti sindikudziwa amakuona ngati kuvula malaya pamsika.

Ulendo wotsatira wa ku Dedza achimwene anapita nawo. Anakhala pa mphasa miyendo itawapweteka, n'kuona mayi wina akuyesa menyu yawo katatu, katatu konse ikumudula asanamalize kuwerenga, iye n'kumapukuta foni pa chitenje poganiza kuti vuto ndi fumbi. Pobwerera sanalankhule mpaka pa Linthipe. Sabata yomweyo anakonza kuti munthu akadulidwa n'kuimbanso, azipitiriza pomwe analekera. Palibe anawapempha.

Pa chiwaya anabwererako, ngakhale tsopano aliyense amalipira zake. Ndipo panopa ali pa mkangano wina. Achimwene akufuna pa menyu palembedwe PIN, zilembo 3, ponena kuti aliyense wogwiritsa ntchito Mpamba kapena Airtel Money analizolowera kale liwulo. Achemwali akufuna "nambala yachinsinsi", zilembo 19, chifukwa anaona amayi ena akuuzana PIN mokweza pa msonkhano ngati nambala ya foni, ndipo akukhulupirira kuti liwu lakuti chinsinsi likamaoneka tsiku lililonse liziwakumbutsa. Onse awiri andipempha kale payekhapayekha kuti ndikalankhule ndi mnzawoyo. Ndakana. Lachiwiri likubwerali tikupita ku Mchinji ndi mafoni awiri, ina yolembedwa PIN, ina nambala yachinsinsi, ndipo pagalimoto ndawakonzera mpando umodzi wa kumbuyo.